"Malume, ine ndipita nawo?": kuyerekeza zomwe mipingo imaphunzitsa pa chipulumutso ndi masiku otsiriza

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Fomu 3 amene timakhala naye kuno ku Area 25, anafika kunyumba tsiku lina nkhope ili yakugwa. Nsima anangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Masana a tsikulo anakwera minibasi kudepoti m'tauni, ndipo isananyamuke munalowa mlaliki, Baibulo lili m'manja, n'kuyamba kuwauza kuti lipenga lili pafupi kulira, oyera mtima adzakwatulidwa, otsala adzadindidwa 666. Usiku titakhala pakhonde anandifunsa motsitsa mawu: "Malume, Yesu atabwera usiku uno, ine ndipita nawo?"

Mwanayu anamanga mafunso awiri mumtolo umodzi. Lina ndi lakuti, kodi munthu angadziwe kuti ndi wopulumutsidwa? Linalo ndi lakuti, kodi mapeto adzayenda bwanji? Mu Lilongwe muno mayankho ndi ambirimbiri. Lamulungu limodzi mutha kuyenda kuchoka ku Maula kudzera ku Mchesi mpaka ku Kawale, n'kumva ziphunzitso zinayi kapena zisanu, onsewo atatsegula Baibulo lomwelomwelo. Ndikufuna kuziika njirazi pamphasa imodzi kuti tizione bwino. Ine ndinakulira mu CCAP, sindibisa, ndipo muona komwe mtima wanga wapendekera. Koma ndiyesetsa kunena za mnzanga mwa njira yoti iye mwini atamva avomere kuti ndi zimenedi amakhulupirira.

Ndiyamba ndi funso la chipulumutso, chifukwa ndi limene limasowetsa anthu tulo.

Akatolika amayankha kuti Mkhristu akhale ndi chiyembekezo cholimba, koma asanene motsimikiza kotheratu kuti wafika kale. Msonkhano waukulu wa ku Trent, m'chaka cha 1547, unagamula kuti palibe amene angadziwe mosakayika konse kuti ali m'chisomo ndipo adzapirira mpaka mapeto, pokhapokha Mulungu atamuululira mwapadera. Anthu ena amati Akatolika amagula kumwamba ndi ntchito. Uku n'kuwanamizira. Iwo amati chiyambi ndi chisomo cha Mulungu, cholandiridwa mu ubatizo, chodyetsedwa ndi Ukaristia, chobwezeretsedwa m'sakramenti la kulapa munthu akagwa m'tchimo lalikulu. Amagwira mawu a Paulo pa Afilipi 2:12 onena za kugwira ntchito ya chipulumutso mwamantha ndi monjenjemera, komanso 1 Akorinto 4:4 pomwe Paulo yemweyo akuti ngakhale mtima wake sukumutsutsa, womuweruza ndi Ambuye. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imadula mapiko a kunyada, ndiponso imampatsa wolapa chinthu chogwirika: amamva ndi makutu ake wansembe akumuuza kuti machimo ake akhululukidwa. Vuto lake limagwera munthu wa mtima wofewa, amene angathe moyo wonse akuwerenga machimo, n'kumaopa kuti imfa idzamupeza tsiku lolakwika.

Njira imene ndinayamwa ine ndi ya mipingo ya Reformed. Sinodi ya Nkhoma inachokera kwa amishoni a Dutch Reformed amene anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, ndipo anabwera ndi chiphunzitso cha Katekisma wa ku Heidelberg wa 1563. Funso loyamba m'menemo silifunsa za malamulo kapena za chiweruzo. Limafunsa za chitonthozo cha munthu pamoyo ndi pa imfa, ndipo yankho lake n'lakuti ine sindine mwini wa moyo wanga, mwini wanga ndi Yesu Khristu amene anandigula ndi mwazi wake. Apa ndiye pagona nkhani. Chitsimikizo sichichokera m'dzanja langa logwira Yesu, chimachokera m'dzanja la Yesu logwira ine. Pa Yohane 10:28-29 akuti palibe wokwatula nkhosa zake m'dzanja lake. Pa Afilipi 1:6 akuti amene anayamba ntchito yabwino mwa ife adzaimaliza. Msonkhano wa ku Dort wa 1618 mpaka 1619 unalimbitsa mfundo yakuti wokhulupirira weniweni angagwe, mwinanso kugwa koopsa ngati Davide kapena Petro, koma Mulungu samutaya kotheratu.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti anthu amenewa sananamizire kuti Mkhristu sakayika. Chivomerezo cha ku Westminster cha 1646, chimene Apresbateria a ku Scotland amatsata, chimanena poyera kuti wokhulupirira woona angadikire nthawi yaitali asanapeze chitsimikizo, ndipo akachipeza chingathe kugwedezeka. Kukayika kotero si umboni wakuti munthu watayika. Mawu amenewa ndinawafuna kwambiri chaka chimene ndinadwala nthawi yaitali, pemphero likukanika kutuluka pakamwa.

Koma nafenso tili ndi nthenda yathu. Chitsimikizo chimasanduka khadi. Munthu amati ndinabatizidwa, ndinalowa kalasi, mgonero ndimadya, basi zanga zinatheka, pomwe kuntchito ndi katangale, kunyumba mkazi akugona akulira. Abale athu ambiri a Baptist, amene amati wopulumutsidwa kamodzi wapulumutsidwa mpaka muyaya, amakumana ndi vuto lofanana: munthu anakweza dzanja pamsonkhano zaka 15 zapitazo, n'kumayesa kuti dzanjalo ndi tikiti. Kalata yoyamba ya Yohane, imene pa 5:13 ikuti inalembedwa kuti okhulupirira adziwe kuti ali ndi moyo wosatha, ndi yomweyonso imafunsa ngati timakonda abale ndi kusunga malamulo. Palinso ena mwa ife amene amazunzika ndi funso lakuti, kodi ndine wosankhidwa? Funso limeneli silingayankhidwe poyang'ana m'buku lobisika la Mulungu. Limayankhidwa poyang'ana kwa Khristu amene akuitana aliyense.

Njira yachitatu ndi imene yafala m'mipingo ya Pentekoste, m'mafelosipi a nthawi ya nkhomaliro ndi m'mapemphero ochezera usiku. Mizu yake ikufika kwa John Wesley, amene pa 24 May 1738, pamsonkhano wina ku Aldersgate mu London, anamva mtima wake ukufunda n'kutsimikiza kuti Khristu wachotsa machimo ake iyeyo. Iwowa amati inde, ungadziwe lero lomwe kuti wapulumutsidwa, pakuti Mzimu amachitira umboni pamodzi ndi mzimu wako monga akunenera Aroma 8:16. Koma ungathenso kubwerera m'mbuyo n'kutaya chimene unalandira, ndipo amatsegula Ahebri 6:4-6. Ndaona anthu osinthika zenizeni m'njira imeneyi, zidakwa zosiya kachasu, mabanja obwererana. Chimwemwe chawo sichochita kupeka. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chitsimikizo chikatsamira pa zomwe mtima ukumva, chimakwera ndi kutsika ngati mtengo wa chimanga. Lamulungu munthu ali kumwamba, Lachitatu wakalipira mwana, wayamba kudziona wotayika, Lamulungu linalo ali kutsogolo kukaperekanso moyo kwa Yesu. Mlaliki wa m'minibasi uja ankayankhula kuchokera m'mphepete mwa njira imeneyi, ngakhale abusa ambiri a Pentekoste amene ndimawadziwa sakanalalikira mwa mtundu umenewo.

Tsono za masiku otsiriza. Kusiyana kwakukulu kwagona pa Chivumbulutso 20, pomwe mawu akuti zaka 1,000 akutchulidwa kasanu ndi kamodzi, ndiponso pa momwe tingawerengere zilombo ndi manambala a m'buku la Danieli.

Njira yotchuka kwambiri m'misewu ndi pa WhatsApp ndi ya mkwatulo. Imati Yesu adzayamba wabwera mobisika kudzatenga mpingo, kenako padzakhala zaka 7 za chisautso chachikulu pansi pa wokana Khristu, kenako adzabweranso poyera n'kulamulira ku Yerusalemu zaka 1,000. Anthu ambiri amayesa kuti Akhristu onse akhala akukhulupirira zimenezi kuyambira kale. Ayi ndithu. Amene anazikonza m'dongosolo limeneli ndi John Nelson Darby, cha m'ma 1830, ndipo zinafala kwambiri kudzera m'Baibulo la ndemanga la Scofield lomwe linatuluka mu 1909. Kukhala chatsopano sikutanthauza kuti n'chabodza, koma ndi bwino munthu adziwe msinkhu wa chimene wanyamula. Zaka 7 zija amazitenga pa Danieli 9:27, podula sabata lomaliza pa masabata 70 a mu ulosiwo, sabata lililonse likuimira zaka 7, n'kuliponya kutsogolo. Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948, ambiri a iwo anati wotchi yayamba kuyenda, ena n'kuwerenga zaka 40 za mbadwo umodzi kufika 1988. Chakacho chinadutsa.

Ndimawalemekeza abale amenewa chifukwa amadikira Ambuye ndi mtima wonse, ndipo amalalikira ngati anthu odziwa kuti nthawi ndi yochepa. Koma ndikatsegula 1 Atesalonika 4:16-17, ndime yomwe amaimirapo, sindipezamo chobisika. Muli mfuu, muli mawu a mngelo wamkulu, muli lipenga. Ndipo Paulo analemba ndimeyi kwa anthu ofedwa, amene ankaopa kuti abale awo omwalira adzatsalira. Akumaliza pa ndime 18 ndi kuwauza kuti azitonthozana ndi mawu amenewa. Ndi mawu a pamaliro, opukuta misozi. Zimandipweteka kuwamva akugwiritsidwa ntchito ngati chikwapu pa ana asukulu. Ngakhale za awiri ali m'munda, wina kutengedwa wina kusiyidwa, pa Mateyu 24:40-41, Yesu akuzifanizira ndi masiku a Nowa, pomwe otengedwa anali amene chigumula chinawakokolola.

Pali ena amene amavomera ufumu wa zaka 1,000 padziko pano Yesu atabwera, koma amakana za mkwatulo wobisika. Amati mpingo udzadutsa m'chisautso. Awa ali ndi makolo akale, monga Justin Martyr ndi Irenaeus a m'zaka za m'ma 100. Chiphunzitso chawo chimakonzekeretsa munthu kupirira, osati kuthawa.

Njira ina, yomwe Akatolika, Alutherani ndi ambiri a Reformed amatsata, imati zaka 1,000 ndi chiphiphiritso cha nyengo yonse kuchokera pa kuuka kwa Yesu mpaka kubwera kwake. Khristu akulamulira kale, Satana wamangidwa m'lingaliro lakuti sangaletse Uthenga Wabwino kufika kwa mitundu yonse, ndipo pamapeto padzakhala kubwera kumodzi, kuuka kwa akufa, chiweruzo, ndi dziko latsopano. Mphunzitsi wamkulu wa njirayi anali wa ku Africa konkuno, Augustine wa ku Hippo, komwe lero ndi ku Algeria, amene anamwalira mu 430. Ine ndaima pamenepa. Chifukwa changa n'chakuti Chivumbulutso ndi buku la zithunzi. Palibe amene amayembekezera kuona Yesu ali nkhosa ya nyanga 7 ndi maso 7, kapena lupanga lenileni likutuluka m'kamwa mwake. Nanga bwanji nambala imodzi yokha tiziiwerenga ngati kalendala? Yohane analemba ali pachilumba cha Patmos, kulembera mipingo 7 ya kudera lomwe lero ndi Turkey, anthu amene ankaumirizidwa kugwadira mfumu ya Roma. Bukuli linayenera kuwathandiza iwowo poyamba, lisanatithandize ife.

Cholakwa chathu ndi chete. M'mipingo yathu yambiri chaka chimatha osamva ulaliki wa m'Chivumbulutso kupitirira mutu 3. Mwana wa mlongo wanga wakulira m'Sande sukulu, koma munthu woyamba kumutsegulira Chivumbulutso 13 anali mlendo wa m'minibasi. Mlandu umenewo ndi wanga monga malume ake, sindingaukankhire kwina.

Ena amati Uthenga Wabwino udzapambana pang'onopang'ono mpaka dziko lonse litakoma, kenako Yesu n'kubwera. Amishoni ambiri a m'zaka za m'ma 1800 anali ndi chiyembekezo chotere, n'chifukwa chake ankamanga sukulu ndi zipatala ngati anthu oyala maziko a nyumba yokhalitsa. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zinachifooketsa chiphunzitsochi, ngakhale sichinafe.

A Seventh-day Adventist, amene ali m'Malawi muno kuyambira 1902 pomwe anatenga mishoni yomwe lero ndi Malamulo ku Thyolo, amawerenga Danieli ndi Chivumbulutso ngati mbiri yotambasuka kuchokera ku Babulo mpaka mapeto, tsiku limodzi likuimira chaka. Gwero lawo ndi gulu la William Miller ku America, lomwe linawerenga masiku 2,300 a pa Danieli 8:14 n'kuyembekezera Yesu pa 22 October 1844. Sanabwere, ndipo anthu analira kwambiri. Otsala ena anati tsikulo linali lolondola, cholakwika chinali chochitikacho: Yesu analowa gawo lomaliza la ntchito yake m'kachisi wa kumwamba, kuyamba chiweruzo chofufuza mabuku. Apa mukuona momwe mafunso awiri aja akulumikizirana, pakuti munthu angafunse kuti dzina langa likafika, adzandipeza bwanji? Aadiventi ambiri lero amayankha kuti woweruzayo ndi yemwenso akutiimirira pamlandu, ndipo mpingo wawo suikanso tsiku la kubwera kwa Yesu. Baibulo amalidziwa mochititsa manyazi ena a ife. Ine pa za 1844 sindinakhutire, chifukwa kalata ya Ahebri ikuonetsa Khristu atalowa kale pamaso pa Mulungu ntchito ya nsembe itatha.

Mboni za Yehova zimaphunzitsa kuti Yesu anayamba kulamulira mosaoneka mu 1914, kuti a 144,000 okha ndi opita kumwamba, ndipo ena onse okhulupirika adzakhala m'paradaiso padziko lapansi. Pa za umulungu wa Yesu amasiyana ndi mipingo yonse imene ndatchulayi, kotero kusiyana kwathu sikuthera pa manambala. Komabe chaka cha 1914 chili ndi mbiri yake kwathu kuno. Elliot Kamwana, atalandira ziphunzitso za Watch Tower, gulu lomwe pambuyo pake linatchedwa Mboni za Yehova, analalikira kwa Atonga a ku Nkhata Bay kumapeto kwa 1908 ndi kumayambiriro kwa 1909 kuti mu 1914 ufumu watsopano ufika ndipo msonkho utha. Anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa boma la atsamunda lisanamuchotse m'dzikomo. Anthu amenewo sanali opusa. Anali otopa ndi msonkho wa nthawi imeneyo, ndipo mtima wotopa umagwira msanga lonjezo lokhala ndi deti.

Njira yomaliza imati zambiri za pa Mateyu 24 zinakwaniritsidwa m'chaka cha 70, pomwe asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus anaphwasula Yerusalemu ndi kachisi. Yesu mwini anati mbadwo umenewo sudzatha zisanachitike. Akatswiri ambiri amaonanso kuti dzina la Nero Kaisara likalembedwa m'zilembo za Chihebri, zomwe zinalinso manambala, limakwana 666, ndipo mipukutu ina yakale ili ndi 616, yomwe ikugwirizana ndi kalembedwe kena ka dzina lomwelo. Izi zimathandiza kwambiri. Koma amene amapitirira n'kunena kuti zonse zinatha, kulibenso kubwera kwa Yesu kapena kuuka kwa thupi, watuluka kunja kwa Chikhulupiriro cha Atumwi chomwe timanena Lamulungu lililonse.

Ndiime pang'ono pa 666, chifukwa ndi imene yavulaza anthu. Katemera wa Covid atafika mu March 2021, mauthenga anayenda pafoni kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Mu May chaka chomwecho dziko lathu linatentha katemera pafupifupi 20,000 amene masiku ake anatha asanagwiritsidwe ntchito, ndipo mphekesera zinali chimodzi mwa zomwe zinkabweza anthu. Koma werengani Chivumbulutso 13 ndi 14 mofatsa, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikirocho chikuyenda limodzi ndi kupembedza chilombo. Si chinthu chomwe munthu wokonda Yesu angachilandire mosadziwa pamzere wa kuchipatala, kubanki kapena polembetsa chiphaso cha unzika. Ndipo mutu 14 ukuyamba ndi anthu okhala ndi dzina la Mwanawankhosa ndi la Atate ake pamphumi pawo. Chidindo chimenecho n'chimene alaliki a mantha amaiwala kutchula. Tisaiwale komwe mantha otere anafikitsa anthu ku Kanungu m'dziko la Uganda mu 2000, ndi kunkhalango ya Shakahola ku Kenya mu 2023, komwe mazanamazana anafa potsatira atsogoleri olalikira za mapeto. Namondwe wa Freddy atapha abale athu kum'mwera mu March 2023, ena anathamangira kunena kuti mapeto afika. Yesu anati nkhondo, njala ndi zivomezi ndi chiyambi chabe cha zowawa, ndipo za tsiku ndi ola, pa Mateyu 24:36, anati palibe wodziwa koma Atate okha. Munthu akakupatsani deti, mawu a Yesu amenewa akwanira kuti mumusiye. Akakuuzani kuti musiye sukulu, mugulitse munda kapena mutaye mankhwala, kumbukirani kuti Atesalonika ena atasiya ntchito, Paulo anawalembera kuti wosafuna kugwira ntchito asadye.

Pa za zaka 1,000 ndingathe kukhala pa benchi imodzi ndi m'bale wa mkwatulo, wa Adiventi kapena Mkatolika, tikutsutsana mwaulemu, mawa n'kukakumana kumanda tikukumba limodzi. Chimene sindingalole n'chakuti chipulumutso cha mwana chipachikidwe pa kulondola kwa tchati cha masiku otsiriza, kapena pa momwe mtima wake udzakhalire pa mphindi yolira lipenga. Wachifwamba wa pamtanda uja sankadziwa masabata 70 a Danieli. Anangopempha kuti akumbukiridwe, ndipo Yesu anamuyankha kuti lero lomwe.

Usiku uja pakhonde ndinamufunsa mwanayo kuti, "Mwananga, iwe ukudalira chiyani kuti Mulungu akulandire?" Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Yesu anandifera, malume. Koma ndimachimwabe." Ndinati nanenso, ndi imvi zangazi. Ndinamutuma kukatenga Buku Lopatulika la agogo ake, lachikuto chong'ambika lija, tinawerenga Yohane 6:37 ndi tochi ya pafoni chifukwa magetsi anali atazima, pomwe Yesu akuti wobwera kwa iye sadzamutaya kunja. Anawerenganso yekha kachiwiri. Kenako anakatenthetsa ndiwo zija n'kudya.

Tinapangana kuti Lamulungu lililonse madzulo tiziwerenga mutu umodzi wa Chivumbulutso, kuyambira pachiyambi, osadumpha. Azakhali ake nawonso anayamba kukhala nafe. Sabata yathayi tinali pa mutu 5, pomwe Yohane akulira chifukwa palibe woyenera kutsegula mpukutu, mpaka mmodzi wa akulu atamuuza kuti aleke kulira, Mkango wa fuko la Yuda wapambana. Mwanayo anakweza mutu n'kufunsa kuti, "Nanga bwanji atatembenuka anaona Mwanawankhosa, osati mkango?" Ndinamuuza kuti aliganizire funsolo sabata yonseyi, adzatiyankhe yekha tisanatsegule mutu 6.